Bokosi la Esinati M'bogi ya aMwale

Ine sitima ya pamtunda ndinakwerapo kamodzi kokha pa moyo wanga, ndipo sitima yake inalibe mutu, inalibe njanji, inayenda itabelekedwa pamsana pa chilole kuchokera ku Sinda kulowera ku Vubwi. Anthu akamva amagwa nacho chiseko. Alekeni aseke, ine sindiseka nawo.

Mlongo wanga Esinati anamwalira Lachinayi m'mawa kumudzi kwathu ku Vubwi, kumene ankakhala pafupi ndi amayi athu okalamba. Anandiimbira foni alamu anga aSakala, mwamuna wake, ine ndili m'kalasi, choko kumanja. Esinati ndiye anandilera. Amayi akapita kumunda ndiye ankandibereka, ndipo uphunzitsi umene ukundidyetsa lerowu unatuluka m'munda wake wa mtedza. Nditafunsa za bokosi, alamu anati kalipentala wa m'mudzi anapita ku Mkaika kukagulitsa mipando ku Kulamba, mwambo waukulu wa pachaka wa Achewa, ndiye akuganiza zongokulunga mphasa.

Mphasa! Mlongo wanga wa ine, mayi wa chigwirizano cha kumpingo, munthu amene sanaphonyepo maliro a mnzake?

"Alamu, mphasa musaikhudze," ndinatero. "Bokosi ndibwera nalo ine. Uzani adzukulu akumbe. Mawa dzuwa lisanafike pamutu ndafika."

Mkulu wa mpingo mnzanga amene ndi mmisiri wa matabwa anasiya ntchito zake zonse n'kulikhoma tsiku lomwelo, la mlombwa, losalala bwino. M'mawa mwake tinalikankha pa wilibala mpaka pamsewu waukulu, vanishi akununkhabe.

Pamsewupo m'pamene ndinadziwa kuti ndalonjeza osayang'ana kalendala. Linali tsiku loti mawa lake ndi Kulamba, ndipo chilichonse chokhala ndi matayala chinali kuthamangira ku Mkaika. Malole odzaza amayi oimba, maminibasi anthu ali panikizepanikize, njinga zamoto zonyamula anthu atatuatatu. Kondakitala wina anaima, kuyang'ana ine, kuyang'ana wilibala.

"Aphunzitsi, bokosi m'basi? Mufuna anthu atulukire pawindo?"

Wa basi ina anati alimange pamwamba koma amafika pa Katete basi, ndipo mtengo umene anatchula unali wa munthu wopita ku Lusaka ndi kubwerera. Ndisanayankhe n'komwe, amayi a m'basimo anayamba kukuwa kuti iwo akupita kukasangalala, asayende ndi tsoka pamutu. Basi inapita.

Pamalo othira mafuta panali pataima chilole chachitali, cha mimba yotsika pafupi ndi pansi, ndipo pamwamba pake atamangapo ndi matcheni bogi ya sitima. Inali bogi yakalekale ya nthawi ya atsamunda, yopakidwa utoto wobiriwira, mawindo ake okhala ndi makatani ofiira. Anthu anali ataunjikana kuijambula ndi mafoni. Ine ndinalibe nayo ntchito, mpaka ndinamva wina akuitana dzina langa lakuubwana.

"Labani! Ndiwe, mudala?"

Anali aMwale, amene tinakhala nawo pa desiki imodzi kusekondale. Iwo anapita ku Lusaka n'kunenepa, ine ndinatsala ndi choko. Anandifotokozera mothamanga kuti bogiyo anaigula itatayidwa, anaikonzetsa, ndipo akuipititsa kuloji yawo yatsopano kumapiri a ku Vubwi kuti alendo azigonamo. Pa ulendo woyambawu anaitana anzawo oti aikemo ndalama, akwere mkati aone dziko.

Nditamva liwu loti Vubwi, mtima unadumpha. Ndinawalozera wilibala.

Nkhope yawo inagwa. Anapepesa za maliro, ndipo ndivomereze, anapepesa ngati munthu. Kenako anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu.

"Nizakuthandiza, mudala. Koma alendo anga asaone, asamve. Iyi ni bizinesi. Tiliphimba, iwe ukhale chete mpaka tifike. Tagwirizana?"

Ndinagwirizana nazo. Ndikanatani? Alendo ali m'sitolo kumwa tiyi, ine ndi aNgoma, bambo wina wa pachilolepo, tinalilowetsera kukhomo lakumbuyo. Mkati munali ngati m'nyumba ya bwanamkubwa: makoma a matabwa onyezimira, mipando yofewa yoyang'anizana, nyale zamkuwa, kalilole wamkulu. Tinaliika m'mbali mwa khoma, pansi pa windo lalikulu, aMwale n'kuyalapo nsalu yoyera ya patebulo yofika pansi. Pamwamba anaikapo mphika wa maluwa.

Alendo anali atatu: mzungu wina wachikulire ndi mkazi wake, ndi mayi wina wa ku Lusaka, aChanda, wa magalasi akuda aakulu. AMwale anandionetsa kwa iwo kuti ndine mphunzitsi wodziwa mbiri ya dera lino, ndabwera kudzawafotokozera za m'njira. Umo ndi mmene ndinapezera ntchito imene sindinafunsire, pa tsiku loika mlongo wanga.

Tinanyamuka. Kapena ndinene kuti tinayamba kukwawa. Bogi ili pamwamba pa chilole inali yaitali kuposa nyumba, ndiye paliponse pamene waya wa magetsi wadutsa msewu, chilole chinkaima, aNgoma n'kutsika ndi mtengo wautali wa mphanda, kunyamula waya, chilole n'kudutsa pang'onopang'ono, iwo n'kuthamangira kukwera. Ine ndakhala ndikuyenda msewu wa Sinda ndi Katete zaka zonsezi, sindinkadziwa kuti uli ndi mawaya ochuluka chotero. Amayi ena a pa njinga atanyamula thumba la makala anatipitirira, tinawapeza, anatipitiriranso.

Alendo ankangoti dziko lokongola, dziko lokongola. Mzungu uja anafunsa dzina la phiri lina, ndinamuuza. Mkazi wake anafunsa chifukwa chake minda yapsa, ndinamuuza kuti ndi nyengo yosaka mbewa. Anaseka mpaka kutsokomola. AMwale anatsegula botolo la vinyo, ndipo poti bogi inkagwedezeka, anafunafuna poika matambula. Anapapeza. Anachotsa mphika wa maluwa n'kundandalika matambula anayi pansalu yoyera ija, kumutu kwenikweni.

Ndinawayang'ana. Anayang'ana kuwindo.

Pa Katete tinafika dzuwa litakwera kale. Apolisi a pamsewu anatiimitsa pambali, anati katundu wamkulu chotere sangadutse pakati pa chigulu cha anthu opita ku Mkaika, tidikire msewu upepuke. Sindikuwaimba mlandu, msewu unalidi wodzaza. Koma aMwale m'malo modandaula anaomba m'manja, anati mwayi wake ndi umenewu, alendo akaone msika. Anatsika onse kukagula zitenje.

Foni inalira. Alamu.

"Alamu, muli pati? Adzukulu amaliza kukumba. Abusa afika."

"Ndili pa Katete, ndanyamuka kale."

"Pa Katete? Kunja kwatentha, alamu. Mukudziwa kuti kuno kulibe kosungira thupi."

Ndinatsika n'kuyamba kuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Wa takisi wina anavomera mpaka ku Chadiza, koma kumbuyo kwa galimoto yake sikukanalowa ngakhale theka la bokosi. Wa pikapu wina anati akatsitse kaye oimba ku Mkaika, abwera pompano. Mpaka lero akubwera. Nditapita kwa aMwale kuwauza kuti mwina ndilitsitse ndidikire pikapuyo, anandikokera kuseri kwa sitolo.

"Utsitse bokosi pano? Pamaso pa Katete yonse, na mafoni onse aya? Mawa nizaona bogi yanga pa foni ya aliyense ati galimoto ya maliro. Iyayi, mudala. Khazika mtima pansi, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mwambi wa makolo anga, kuunena pa ine munthu amene m'kamwa mwake munkanunkha vinyo! Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ine ndinali nditapereka langa ndi manja awiri, n'kuthokozanso.

Pamene apolisi ankatilola kupita, nthawi imene ndinalonjeza alamu inali itakwana. Tinasiya msewu waukulu n'kulowera wa ku Chadiza. Mawaya anachepa, koma m'malo mwake munabwera mapiri, ndipo phiri lililonse linkafuna chithunzi. AMwale anali ndi kabelu kamkuwa kamene anakapeza m'bogimo. Akakaliza n'kuimbira foni dalaivala, chilole chinkaima, alendo n'kutsika, kuima motere, kuima moteremu, kukweranso. Sindikana, dziko lathu n'lokongola. Tsiku limenelo ndinalida ndi mtima wanga wonse, miyala yake, mitengo yake, ndi mbuzi zomwe.

Titadutsa Chadiza, aMwale anati yakwana nthawi ya nkhomaliro. Anaimitsa chilole pamthunzi pamalo okwera poonekera chigwa chonse, n'kutulutsa mbale m'chibokosi chozizira. Nkhuku yootcha, mbatata, masamba osaphika aja amadya a m'tauni. Zonse anaziyala pa bokosi la Esinati. Anandipatsa mbale yanga. Ndinati m'mimba simuli bwino.

Mzungu uja, akudya, anagogoda pansalu ndi chala. Gogogo. Anatchera khutu ngati wogula chivwende, n'kugogodanso. Anati thabwa limeneli n'labwino kwambiri, kodi tebuloli linabwera ndi bogi? AMwale anati inde, n'lakalekale, la nthawi yomweyo. Mzunguyo anati zinthu zakale ankazipanga kuti zikhalitse.

Foni inaliranso. Ndinatulukira pakakhonde ka kumbuyo.

"Alamu," anatero aSakala, mawu atasasa, "amayi a chigwirizano nyimbo zawathera, ayambiranso zoyamba zija. Akuluakulu akuti thupi lasintha. Nditani ine?"

"Agwireni pang'ono, chonde. Ndadutsa Chadiza."

"Ndiyesa. Koma m'nyumba anthu ayamba kutuluka."

Pobwerera mkati ndinapeza aChanda atavula nsapato, atatsamira pampando, miyendo atatambasula. Mapazi awo onse awiri anali pa bokosi, zala zopakidwa zofiira zikusewera ndi nsalu. Matambula ndinapirira, mbale ndinapirira, kugogoda ndinapirira. Mapazi ayi.

"Mayi, chotsani mapazi anu pamenepo."

Anatsitsa magalasi. "Mwati bwanji, ba ticha?"

"Ndati chotsani mapazi. Limenelo si tebulo."

"Labani!" anakuwa aMwale.

Koma dzanja langa linali litafika kale. Ndinakoka nsalu ija, mbale ndi matambula zonse n'kugwera pansi phwaa! Bokosi linaonekera, zogwirira zake zikunyezimira, pachivundikiro pali timizere tozungulira pamene vinyo anadutsa nsalu.

AChanda anakuwa mayo, kudumphira pampando. Mkazi wa mzungu anagwira pakamwa. Mwamuna wake anayang'ana chala chimene ankagogodera chija. Ine ndinawauza m'Chingerezi cha m'kalasi, pang'onopang'ono kuti pasatayike liwu: mulibe munthu umu, mwini wake ali ku Vubwi, ndi mlongo wanga, akudikira kuyambira dzulo, ndipo manda ake ali chitsegukire pamene ife tikujambula mapiri.

AMwale anandiyandikira, maso ali psuu.

"Wanipha, Labani. Nakuthandiza, iwe wanipha. Manje ndani azagona mu bogi yamene inanyamula maliro?"

"Sinanyamule maliro, aMwale. Ikanakhala kuti yanyamula maliro bwenzi ikuyenda."

AMwale atati ayankhe, amene anawadula pakamwa anali aChanda. Misozi ili chuchuchu, anawatembenukira n'kuwalalatira m'chilankhulo chakwawo, ndipo ngakhale sindichimva bwino, ndinamva kuti sakuwadalitsa. Kenako anandigwadira, mayi wamkulu ndi zovala zake zodula, pakati pa mafupa a nkhuku, kupepesa. Analanda kabelu kaja n'kukaponya pawindo, n'kulamula kuti dalaivala athamange, asaimenso pena paliponse.

Chisoni chochedwa nachonso chili ndi tsoka lake. Dalaivala, amene tsiku lonse ankayenda ngati akunyamula mazira, anaponda moto. Msewu unali wafumbi tsopano, wa mabampu, bogi ikulira matcheni, kalilole uja akunjenjemera pakhoma. Ine ndinagwada n'kukumbatira bokosi kuti lisaseseleke. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinayamba kukhulupirira kuti mwina ndifika.

Tinafika pakamtsinje kena kouma, pamene msewu umatsika n'kukweranso mwadzidzidzi. Malole wamba amadutsapo tsiku ndi tsiku. Koma chilole chathu chinali chachitali, mimba yake pafupi ndi pansi. Mutu unakwera tsidya, matayala akumbuyo akadali tsidya lino, ndipo pakati panakhala pa chitunda, khuu! Injini inabangula, matayala anazungulira m'malere, fumbi koboo. Basi, sitima ya aMwale inathera pomwepo.

Amuna anatsika kukayang'ana pansi. Dalaivala anati pakufunika majeki ndi anthu okumba, mwina mawa. AMwale anakhala pamwala atagwira mutu, osandiyang'ana. Ndinayesa kuimbira alamu, netiweki kunalibe.

ANgoma anakwera m'bogi, n'kugwira kumiyendo kwa bokosi, ine kumutu. Tinalitsitsa, kuwoloka nalo kamtsinjeko, n'kuyamba kuyenda nalo pamapewa. Mlombwa ndi wolemera, abale. Amene anausankha kuti mlongo wake agone mwaulemu ndinali ine, ndipo phewa langa linandikumbutsa pa phazi lililonse. AChanda anatitsatira kamtunda ndithu atanyamula chikwama changa, mpaka nsapato zawo zinawakana. Anandipatsira chikwamacho akulirabe. Sindinawayankhe bwino, ndipo sindinama kuti ndinali ndi mawu abwino oti ndiwapatse.

Pamudzi woyamba tinapeza bambo wina akumasula ng'ombe pangolo, atangobwera kokatula thonje. Ataona chimene tanyamula anavula chipewa, kufunsa mudzi, n'kumanganso ng'ombe zija. ANgoma anabwerera kuchilole chawo. Ine ndinakhala m'ngolo, dzanja limodzi pa bokosi, lina likupukuta timizere ta vinyo tija ndi mpango wanga. Timizereto sitinachoke.

Tinadutsa njira yachidule ya m'minda. Ng'ombe zinali zotopa, mwini wake ankazinyengerera ndi mayina awo. Dzuwa linali litapendeka pamene tinayamba kuona masamba oyalidwa panjira osonyeza kuti pamudzi pali zovuta. Ndinatchera khutu kuti ndimve nyimbo. Kunali zii.

Kenako ndinawaona. Anthu ankachokera kumanda, amuna patsogolo, amayi a mabulauzi oyera pambuyo, adzukulu atasenza makasu adothi. Pakhomo panali beseni la madzi, anthu akusamba m'manja. Ngolo italowa pabwalo, onse anaima. Palibe anayandikira. Amayi ena anakoka ana awo kuwabisa kumbuyo.

Alamu anabwera, maso otupa, n'kundigwira dzanja.

"Tinadikira, alamu. Mulungu ndi mboni, tinadikira. Zinafika poti sitikanathanso."

"Mwamuika mu chiyani?"

"Mu mphasa. Ndi bulangeti lake lija."

Sindinaone nkhope ya Esinati. Sindinaponye dothi. Ndinaima pabwalo la kwathu ndi suti yafumbi, pambali pa bokosi lokongola kuposa onse amene analowapo m'mudzi umenewo, lopanda kanthu mkati. Ndinalira ngati mwana, ndipo sindichita nazo manyazi.

Koma bokosi lopanda mwini silikhala pabwalo. Akuluakulu anayamba kunong'onezana. Wina anati likagona pamudzi liitana munthu wina, litenthedwe. Wina anati ayi, muikidwe thunthu la nthochi likakwiriridwe. Mkulu wina wa mpingo wa m'mudzimo anati zimenezo n'zachikunja, thabwa ndi thabwa, koma nditamufunsa ngati angalisunge kwake anayamba kutsokomola. Mwini ngolo ankangoyang'ana kumwamba, akufuna ngolo yake.

Pamenepo amayi anga anatuluka m'nyumba ya siwa, atagwirizidwa ndi ndodo. Anali asanandilankhule chifikire. Anthu anapatuka. Anafika pangolo, n'kuyendetsa dzanja pachivundikiro kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, pang'onopang'ono, ngati akusankha nsalu pamsika.

"Wagula labwino, Labani," anatero.

"Amayi, ndinayesetsa. Galimoto..."

"Ndamva." Anatembenukira adzukulu. "Litsitseni, mukaliike kuchipinda kwanga."

"Amayi, ayi!" anatero alamu. "Zimenezo sizichitika."

"Esinati anali wamtali. Ine ndikwanamo, malo n'kutsalako." Anandiyang'ana, maso ouma, opanda mkwiyo ngakhale pang'ono, ndipo bola akanandikalipira. "Likakhala pompano, mwanawe, tsiku langalo sudzavutikanso ndi magalimoto. Udzangobwera wekha."

Adzukulu anayang'anana, palibe anasuntha. Ndinagwira kumutu, alamu anagwira kumiyendo, tinalilowetsa.